Kuthowa Galu

Galu wa bambo anga anagundidwa ndi njinga yamoto pa Nsipe, tsiku la msika. Magazi sanatuluke, koma miyendo yakumbuyo inangolobodoka, n'kumadzikhwekhwereza ndi yakutsogolo. Ine agalu sindiwakonda, ndinene poyera. Koma chimwalirireni mayi, bambo ankalankhula ndi galuyo kuposa ife ana awo, ndiye ndinaitana dokotala wa ziweto.

Dokotalayo, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anasisita msana wonse, kenako anatsina chala cha mwendo wakumbuyo ndi kachitsulo kopanira. Galu sanacheuke n'komwe.

"Fupa silinathyoke, yavulala ndi mitsempha ya mumsana," anatero. "Timupatse masabata atatu. Akapanda kuyamba kumva kupweteka, ndidzamubaya jekeseni yomugoneka, asazunzike."

Anasiya mapiritsi, natiuza kuti tizimutembenuza, tizimupinda ndi kumuwongola miyendo katatu patsiku, komanso tizimuimiritsa titamukoleka chitenje pamimba. Chitenjecho chinali changa.

Bambo anawonjezera zawo. Kwathu povulala paliponse timathowa, ndipo iwo anathowapo anzawo ambiri kumigodi ku Joni. Wothowa amadziwa kuti madzi atenthetsa wodwala akadzidzimuka. Galuyu sankadzidzimuka, ndiye bambo, ndi manja awo olimba ngati chikopa aja, ankangosonkhezera moto. Pofika tsiku lachinayi ubweya wapantchafu unasosoka, panatsala chilonda chachikulu ngati chikhatho.

Dokotala atachiona sanakalipe. "Bambo, wosamva sathowedwa. Mwamuwotcha."

"Nanga bwanji sanalire?" anafunsa bambo.

"Matenda akewo ndi omwewo."

Bambo anavula chipewa. Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinali nditawaletsa kawiri.

Ntchito inachuluka. M'mawa kutsuka chilonda, kenako ine kugwira chitenje, bambo atagwada, akupondetsa mapazi a galu pansi limodzilimodzi ngati akubzala mbatatesi. Azimayi opita kudimba ankaseka: "Agogo, mwapeza mdzukulu?" Masabata awiri anatha popanda chosintha. Ine malo okumba dzenje ndinali nditasankha kale, kuseri kwa khola, osawauza.

Kutatsala masiku awiri kuti dokotala abwere ndi jekeseni yake, bambo akutsuka chilonda, galu anatembenuka n'kuwaluma padzanja. Galuyo katemera wa chiwewe anali atabayidwa kale, komabe ndinawakokera bambo kuchipatala. Galuyo anadzayenda patapita miyezi iwiri, mokhotakhota, koma tsikulo zimenezo sitinkazidziwa.

Namwino akutsuka balalo, bambo anafunsa ngati chipsera chake chidzaoneke. Iye anati mwina chidzafufutika.

"Musachikonze kwambiri, mwanangu," anatero bambo. "Wandiluma chifukwa wamva."