Galimoto Yokana Kulira Ikatentha Inandipasulira Banja

Ndinanamizira munthu ufiti chifukwa cha chitsulo chakutha, ndipo mpaka lero mtima wanga umawira ndikakumbukira amene anandiuzira bodzalo. Inu owerenga, mverani.

Zipani zitangochuluka m'dziko muno, ndinali ndi kagalimoto kakale ka matola, koyenda pakati pa Malomo ndi Nachisaka. M'mawa kankalira kamodzin'kamodzi. Koma masiku ena, kakakwera zitunda n'kutentha, ndikazimitsa kankavuta. Ndikapotoza kiyi, sitata inkangokoka mwaulesi ngati munthu wodwala. Injini ikazizira, kankalira bwinobwino.

Ndinagula batire lina, osathandiza. Chimene ndinaona n'chakuti vutoli linkakonda kuchitika ndikaima pakhomo pa alamu anga, achimwene awo a mkazi wanga. Iwo anakakamira chipani chakale, pomwe ine ndinkanyamula anyamata a chipani chatsopano kupita kumisonkhano. Anyamatawo, agalu opanda manyazi, anandidzaza m'makutu kuti alamu amanga galimotoyo ndi mankhwala. Ndinakhulupirira. Ndinawatukwana pamsika anthu akuona, ndipo ndinaletsa mkazi wanga kupondanso kwawo.

Tsiku lina masana, nditangofika kuchokera ku Malomo, ndinapeza mkazi wanga, amene anali woyembekezera, akubuula pamphasa, magazi akutuluka. Tinamunyamulira m'galimoto. Ndinapotoza kiyi. Sitata inakoka, n'kusiya. Nyumba yathu ili m'chigwa, moti amayi awiri amene analipo sakanatha kukankha. Anyamata achipani aja palibe ndi mmodzi yemwe anaoneka.

Amene anabwera akuthamanga anali alamu, ali ndi amuna anzawo. Anati, "Alamu, kwerani tikukankheni, zathuzi tikambirana mawa."

Ine ndinatola chitsulo chomasulira matayala n'kuwaloza nacho. "Musaikhudze! Mwabwera kudzamaliza ntchito yanu, mfiti inu!"

Anandigwira, tinalimbana, fumbi koboo, nthawi n'kumapita. Pomwe ankandilanda chitsulocho n'kukankha galimoto mpaka kulira, zinthu zinali zitaipa kale. Kuchipatala mkazi wanga anapulumuka, koma mwana sanakhale moyo.

Patapita nthawi ndinapita nayo galimotoyo kwa makaniko ku Mponela. Anandiuza kuti ndiiyendetse mpaka itenthe, ndizimitse, kenako ndiyese kuliza iye akumvetsera. Atamasula sitata anandionetsa m'kati mwake, motheratu, komanso waya wochoka kubatire kupita kuthupi la galimoto atadyeka ndi dzimbiri. Anati zinthu zotere zikatentha sizidutsitsa moto wokwanira. Ndipo pakhomo pa alamu ndi pamwamba pa chitunda chachitali, pomwe injini inkafika itapsa. Ufiti wonse unali umenewo.

Mkazi wanga atatuluka m'chipatala anapita kwawo, sanabwererenso. Nditapita kukapepesa, alamu anandiuza ali chiimire kuti ndikapondanso pamenepo adzandithyola miyendo. Sindiwaimba mlandu. Anyamata aja ndikakumana nawo amandipatsa moni akuseka, ine ndimangolavula pansi.

Inu owerenga, galimoto yakale ikamavuta itatentha, musadikire poganiza kuti imangochita mwa apo ndi apo. Pitani nayo kwa makaniko ikadali yotentha, ayeze sitata ndi mawaya. Ndipo munthu akamakuuzani kuti mbale wanu ndi mfiti chifukwa chosiyana chipani, m'thamangitseni pakhomo panu. Tsiku la tsoka iyeyo sadzabwera kudzakankha.