Ndinakuwa Kuti Atenga Mwana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anaganiza zoti nafenso tikapitidwe mphepo ngati mabanja a mabwana a ku ofesi kwawo. Iwo anali kalaliki pa Boma ku Chiradzulu, ife tinkakhala ndi amayi ku Ndunde. Mnzawo wa kusukulu, a Likoswe, ankaphunzitsa pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ndipo anali atatopa n'kutiitana. Amayi anakana sabata yathunthu, amvekere munthu wanzeru sapita pakati pa madzi ndi mwana wa zaka ziwiri. Koma abambo akanena chinthu ankanena kamodzi. Loweruka m'mamawa tinanyamuka, mng'ono wanga Tadala ali kumsana kwanga.

Ife a ku Chiradzulu madzi omwe timawadziwa ndi a pachitsime ndi a m'ndowa. M'boti amayi anagwira thabwa ndi manja onse awiri, maso ali pansi, abambo akudziseketsa mokweza koma thukuta lili kamukamu. Pachilumbapo panalibe magetsi, paliponse pankanunkha utsi wowambira nsomba, ndipo mbuzi za a Likoswe zinkalowa mpaka m'nyumba ngati zinalipira lendi. Amene anasangalala zenizeni anali Tadala, ankaloza chilichonse n'kumati mee.

Titadya mlamba masana, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo, abambo ndi a Likoswe akukumbutsana zakale, botolo lili pakati pawo. Amayi anandiitana.

"Esinati, kamseweretse mwanayu uko. Koma usamutsitse kumsana, wamva?"

Ndinamva, koma ndinamutsitsa. Msana unali ukuwawa kuchokera ku Ndunde, ndipo m'mphepete mwa nyanja munali udzu wobiriwira bwino ngati wa kudimba kwa amayi. Ndinamukhazika poyambira udzuwo n'kupita kukaonerera atsikana omwe ankayanika matemba chapatali pang'ono. Sindinkadziwa kuti ku Chilwa udzu wina umangoyandama, pansi pake palibe nthaka. Mwana wa pachilumbapo amadziwa zimenezi asanadziwe n'kuyankhula komwe, koma ine ndinkaona dambo basi.

Nditacheuka, Tadala panalibe. Ndinangoona bambo wina wamtali, wopanda malaya, atamugwira mwendo umodzi, mutu uli pansi, akuthamanga naye kumtunda uku akumukutumula ngati nkhuku. Masiku amenewo kwathu kunali mphekesera za anthu oba ana, ndipo amayi ankatiopseza nazo tsiku ndi tsiku. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Atenga mwana! Ababa, atenga mwana!"

Abambo sanafunse kanthu. Anatola nkhafi yomwe inali pabwato lina pamtunda n'kumuthamangira. Yoyamba inagwa paphewa. Munthuyo sanatchinge, poti m'manja munali mwana. Anangopereka msana, n'kugwada, n'kumugoneka Tadala chafufumimba pansi. Apo mpamene ndinaona bwino. Diresi la Tadala linali matope okhaokha, tsitsi likudontha, ndipo pakati pa udzu uja panali patatseguka dzenje la madzi akuda. Ndinadziwa zonse. Ndinadziwanso kuti ndikangoyankhula, funso lotsatira likhala loti iwe unali kuti, ndipo lamba wa abambo ndinkamudziwa bwino. Ndinatseka pakamwa.

Yachiwiri inagwa pamkono wamanja, ndipo ndinamva kulira ngati kwa nzimbe ikamathyoka. Munthuyo anabuula, akuyesa kuyankhula.

"Madzi, bwana! Wamwa madzi mwanayu!"

"Wakuba iwe! Lero ndikupha!"

Yachitatu inagwa kumaso. Magazi anatsetsereka pachifuwa pake, ndipo analavula mano awiri pafupi ndi phazi langa. Ine ndili chiimire, manja kumbuyo ngati ndili pamzere wa kusukulu.

Tadala anasanza madzi akuda n'kuyamba kulira. Amayi anafika, anamunyamula, anamuyang'ana m'mphuno, kenako anakuwa ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvepo.

"Bambo a Esinati, siyani! Mwanayu anamira! Taonani matope awa!"

Abambo anatsitsa nkhafi, koma asodzi anali atafika kale. Wina anawatchera mwendo, anagwa chagada, ndipo zotsatira zake sindikonda kuzikumbukira. Mateche m'nthiti, zibakera kumaso, malaya awo oyera a ku ofesi n'kukhala nsanza. A Likoswe anayesa kuleretsa, analandira mbama nawonso. Mnyamata wina wamphamvu anagwira abambo kolala n'kuyamba kuwakhwekhwereza kunyanja.

"Mwachoka kwanuko kudzapha Che Ajidu inu? Tiyeni mukaone komwe amutenga mwanayo!"

Miyendo ya abambo italowa m'madzi mpamene lilime langa linamasuka. Ndinakuwa kuti ndine, ndinamusiya ndine paudzu, amene anakuwa ndine. Sikuti anasiya chifukwa cha ine ayi. Anasiya chifukwa Che Ajidu, bambo wamtali uja, atakhala pansi mkono uli lende, anatukwana n'kuwauza kuti m'malo mosewera ndi chitsiru amupezere boti la kuchipatala.

Ulendo wathu wa masiku awiri unathera pomwepo. Boti linali limodzi, choncho tinakwera lomwelo, ife mbali iyi, Che Ajidu mbali iyo, mkono atawumanga ndi chitenje cha amayi. Abambo diso limodzi linali litatsekeka, Tadala akuyamwa ngati palibe chachitika. Titafika pakati pa nyanja Che Ajidu anandiyang'ana, milomo ili yotupa.

"Iwe mtsikana, unaona kuti mwana ndi wonyowa?"

"Ndinaona."

"Liti?"

Ndinayang'ana matope omwe anali pa diresi la Tadala. Iwo sanafunsenso, analavulira magazi m'madzi n'kuyang'ana kumbali.

Ndinadikira lamba sabata yonse, koma sanabwere. Abambo sanandimenye, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso akukweza dzanja pa munthu. Nkhaniyo inakambidwa pakati pa akuluakulu, ine sanandiitane. Chomwe ndinkaona n'choti tikakolola, abambo ankanyamula chimanga ndi nyemba n'kupita ku Chisi okha. Amayi ndi omwe anandiuza patapita zaka kuti mkono uja unapola mokhota, ndipo Che Ajidu sanapalasenso bwato. Anamwalira akusokera anzawo maukonde.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, kuti sindinkadziwa za udzu woyandama, kuti kukuwa kuja kunali kwa mantha. Zonsezo n'zoona, ndipo pa zimenezo ndinadzikhululukira kalekale. Lero ndili ndi ana anga, Tadala naye ndi mayi wa ana atatu, wonenepa, woseka mokweza, sakumbukira chilichonse. Koma funso la m'boti lija limandiwawabe, chifukwa yankho ndinali nalo. Ndinaona itangogwa nkhafi yoyamba, mkono uli wamphumphu, mano ali m'kamwa. Ndinayerekeza lamba wanga ndi mafupa a munthu yemwe anapulumutsa mng'ono wanga, n'kusankha khungu langa. Nkhafi yoyamba anamenya ndi abambo. Ziwiri zinazo ndinamenya ndine, manja ali kumbuyo.