Makapisozi a bambo Kalinde

A Bonifasio Kalinde ankakonza njinga pa Namadzi, kuseri kwa msika. Anali munthu wosadziwa kukana. Wobwereka pampu ankapita nayo osabweza, wopempha mchere ankatapa yekha. Akazi awo, a Nabanda, anakhala nawo zaka makumi atatu akuona katundu wa m'nyumba akutuluka pakhomo ngati ali ndi miyendo.

M'chaka cha 2006 m'mimba munayamba kuwapweteka. Kuchipatala cha pa Boma anawatumiza ku Blantyre, kumene madokotala alendo anapeza chotupa chamadzi pa kapamba. Anawalowetsa kapaipi kukamwa mpaka m'mimba, nakoka timadzi ndi singano kuti akayeze. Powatulutsa, namwino anapatsa a Nabanda makapisozi khumi ndi asanu.

"Mayi, awa si ochiza, ndi otchinga. Pamene tabayapo pangalowe tizilombo. Azimwa katatu pa tsiku mpaka athe, ngakhale azimva bwino."

Anamvadi bwino. Atafika kumudzi, anthu anayamba kudzazonda, aliyense ndi dandaulo lake. A Fraser, anzawo a kumpingo, anakhala pamkeka akutsokomola.

"Achimwene, inu mwachira, ine chifuwa sabata yachiwiri ino. Timakapisozi tija mulibeko?"

"Anabanda, apatseniko anayi."

"Abambo, anati mumalize."

"Ndimalize ndikudwala chiyani? Mankhwala ndi a wodwala. Mlendo achoke chimanjamanja pakhomo pa mkulu wa mpingo?"

A Nabanda anabisa otsalawo m'chitini cha shuga. M'mawa mwake, iwo ali kudimba, kunabwera wina wa bala pamwendo, wofuna ufa wa m'kapisozi kuti awaze pachilonda. Kunabweranso mayi wina chifukwa nkhuku zake zinkaodzera. A Kalinde anachipeza chitinicho. Pa khumi ndi asanu aja, m'mimba mwawo munalowa atatu okha.

Pasanathe sabata thupi la a Kalinde linatentha, mimba nkuuma ngati thabwa. M'minibasi yobwerera kuchipatala anakomoka kawiri. Dokotala atafunsa za makapisozi, a Nabanda anangoyang'ana pansi. Akananeneza bwanji mwamuna wawo ali chigonere pomwepo?

"Ndiye kuti inu mayi simunawayang'anire," anatero dokotala.

Mawuwo anafika kumudzi mtembo usanafike. Pamaliro abusa anatamanda dzanja lopatsa la malemu, anthu nayankha amen, pamene kuseri azimayi ankanong'onezana za mkazi wosasamala. Amene anamwa mankhwala aja anali pomwepo, athanzi, koma panalibe amene anaulula zoona.

Tsiku lotenga zotsatira za timadzi tija litakwana, a Nabanda anapitabe ku Blantyre atavala zakuda, poti anauzidwa kuti adzapite. Kalaliki sanadzutse mutu.

"Kalinde? Mukawauze bambo asadandaule. Si khansa ayi, ndi madzi chabe. Akhala zaka zambiri."

A Nabanda analandira pepalalo ndi manja awiri, nathokoza.