Chitini cha Satang

Ine ndi Satang Fofana tagulitsa limodzi pageti la sukulu ya kwathu ku Kunkoto kuyambira ana athu ali kumsana. Iye amagulitsa buledi wothira nyemba, ine madzi a chidede oziziritsa. Ndiye munthu akamandiuza za Satang ngati akumudziwa kuposa ine, ndimangomuyang'ana.

Sukulu anailekeza m'kalasi yachinayi. Bambo ake anamutulutsa kuti azikaingitsa mbalame kumunda wa mpunga, ndipo mbalame zitatha kunabwera mwamuna, Dembo Manneh, munthu wofatsa mpaka kukupsetsa mtima. Mpaka lero Satang akamawerenga amalondola ndi chala, ndipo zimamuwawa.

Ulendo woyamba Satang kupikisana nawo pa mpando wa komiti ya sukulu, tinkavota poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Wopikisana naye anali mlamu wake, Alhaji Burama, mkulu wake wa Dembo. Chigayo cha m'mudzi ndi chawo, ngolo ndi yawo, mpanda umene Satang ndi Dembo ankakhalamo ndi wawonso. Sindinganame, malata a kalasi yachisanu anagula ndi iwo, ndipo Dembo anamulera okha makolo atamwalira. Tsiku limenelo kumbuyo kwa Satang ndinaimako ine ndekha, ndi mbuzi ina imene inkanunkhiza dengu lake. Dembo anaima kumbuyo kwa mkulu wake maso ali pansi. Anthu anatiseka mwezi wathunthu.

Chaka chino nkhani inali ina. Mwana wawo Nyaling, mtsikana wanzeru amene anangotsala pang'ono kulemba mayeso, anatenga pakati, ndipo mnyamata wake anathawira kutauni. Atachira, mayi ake anapita naye kwa mphunzitsi wamkulu, a Mendy, kuti abwerere m'kalasi. A Mendy anati iwo alibe vuto, koma mawu ali ndi komiti.

Alhaji, mwini mpando wa komitiyo, sanazungulire. "Sukulu si chikuta, alamu," anatero. "Akabwerera mmodzi, mawa onse aziona ngati mimba ndi tchuthi. Mwanayu ndamupezera kale banja. Tikangogulitsa mtedza, azipita."

Banjalo linali la mnzawo wina wa imvi, wa akazi awiri kale. Motero aliyense ankadziwa chimene chisankho cha komiti cha chaka chino chinkatanthauza. Akapambana Alhaji, Nyaling akwatiwa. Akapambana Satang, Nyaling avalanso yunifolomu.

Satang anayenda. Kuchitsime, kumadimba, pamwambo uliwonse wotcha mwana dzina, iye anali pomwepo ndi mfundo zake zitatu: chitseko pachimbudzi cha atsikana, mpanda woti abulu asamadye mitengo ya ana, ndi kuti mtsikana akabereka azibwerera kusukulu. Amayi ankamuyankha monong'ona. "Tili nawe, amake Nyaling, koma mpunga wathu tikagayitsa kuti?" N'chifukwa chake anawaumiriza a Mendy kuti ulendo uno tivote mwachinsinsi, monga pachisankho cha dziko, pamene munthu amalowa yekha n'kuponya kamwala kagalasi mumgolo wa amene akumufuna. A Mendy anavomera. Timiyala tagalasi tinalibe, ndiye ana anatola timiyala tapamsewu.

Satang anandiuza kuti atamufunsa Dembo kunyumba mbali imene ali, anangoti, "Achimwene anandilera," n'kutembenukira kukhoma. Ine zinandinyansa. Mwana ndi wako, ukuopa chiyani?

Tsiku lachisankho makolo tinakhala pakhonde la kalasi, amuna uku, amayi uku, Alhaji pampando wawo pafupi ndi chitseko akutafuna mtedza wa kola. Pachitseko anapachikapo nsalu. A Mendy anafotokoza kuti m'katimo muli zotengera ziwiri. Ya Alhaji ndi chigubu chachikasu chapulasitiki. Ya Satang ndi chitini cha mafuta ophikira, choboola pamwamba. Anangotenga zimene anapeza kukhitchini ya sukulu, ndipo tonsefe, ndi mitu yathuyi, palibe anaonapo cholakwika.

Woyamba kulowa anali mkulu wina woyendetsa ngolo ya Alhaji. Tinamva kaphokoso kofewa, phu. Wachiwiri, phu. Wachitatu anali Mbinki, mayi wamasiye wogulitsa nsomba zouma. Nsalu itangotsekeka tinamva ngwee, mpaka wogontha akanamva.

Mbinki anatuluka nkhope itagwa, akudziwa kuti mudzi wonse wamva.

A Mendy anaimirira. "Pepani makolo, apa talakwitsa. Tipeze chigubu china."

"Khalani pansi, aphunzitsi," anatero Alhaji akumwetulira. "Tayamba kale. Woyera mtima aopa chiyani? Mbinki, ana ali bwanji kunyumba?"

Otsatira onse analowa akuyang'ana pansi, ndipo kunali phu, phu, phu. Amayi ena anayesa kuyamba nyimbo kuti phokoso lisamveke, koma Alhaji anangokweza dzanja n'kunena kuti pano si paukwati, nyimbo n'kufera pakhosi. Kuseri kwa geti ndinaona Nyaling ataima ndi khanda kumsana, akumvetsera ngati ife tomwe.

Satang anakoka dengu lake la buledi, pakuti sasiyana nalo, n'kuyamba kunyema. "Dzuwa lakula, amayi, musakomoke ndi njala," anatero, akupatsa aliyense chidutswa cha m'kati, chofewa chija. Alhaji anaseka. "Alamu, mavoti a masiku ano akugulidwa ndi nyenyeswa?" Amuna anaseka nawo.

Atafika pa ine anandipanikiza chidutswacho m'dzanja limene ndinagwira kamwala, n'kundipinda zala mwamphamvu. Anandiyang'ana osaphethira. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Ndinakulunga kamwala kaja m'buledi pansi pa nsalu yanga mpaka kanakhala ngati mpira, ndipo ndinamugunda ndi chigongono mayi wapafupi kuti aone. Nayenso anagunda mnzake.

Nditalowa, ndinatsitsa kampira kaja m'chitini pang'onopang'ono. Phu. Nditatuluka, Alhaji anandigwedezera mutu. "Ngakhale iwe, Kumba? Wayamba nzeru." Ndinagwada pang'ono n'kudutsa. Mumtima ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire.

Dengu linazungulira, linafikanso kwa amuna ena amene ana awo aakazi anasiya sukulu. Kunali phu yekhayekha, ndipo Alhaji anayamba kuwodzera ndi chimwemwe. Ngakhale ifeyo sitinkadziwa kuti phu uti ndi wathu, uti ndi wawo.

Anatsala Dembo. Satang anapita pamene anakhala, anagwada monga mwa ulemu, n'kumupatsa chidutswa chomaliza.

"Bambo a Nyaling, idyani."

Dembo anayang'ana bulediyo, anayang'ana mkazi wake. Mkazi wa mnzake anali atamunong'oneza kale, ndiye ankadziwa bwino lomwe chimene akupatsidwa.

"Ndakhuta," anatero.

Ndinaona nkhope ya Satang ikusintha. Anabwerera kudzakhala pafupi nane, buledi uja akadali m'manja. "Basi, wapita kwa mkulu wake," anandinong'oneza. "Ngakhale mobisa wakana."

Dembo anadzuka ndi kamwala kake poyera. Podutsa pampando wa Alhaji, iwo anati, "Pita mwana wa mayi anga, titseke nkhaniyi." Nsalu inatsekeka. M'katimo anachedwa. Tinkamva abulu akulira kudambo, iye osatuluka. Alhaji anasiya kutafuna.

Kenako kunamveka ngwee! Sikunali kugwetsa kumene kuja. Munthu anachita kugenda.

Dembo anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kuima pamaso pa mkulu wake. "Achimwene, munandilera, sindikana. Koma uyo ali pagetiyo ndinabereka ndine."

"Udziwa kumene ukagone," anatero Alhaji, mawu ali pansipansi.

"Ndikudziwa."

Satang, amene sanalire tsiku limene mudzi unamuseka, ngakhale tsiku limene anadziwa za mimba ya mwana wake, anaphimba nkhope ndi mpango n'kulira ngati kamwana. Inenso misozi inanditsika, sindibisa.

A Mendy atakhuthula chigubu, munatuluka mulu wa miyala. Atakhuthula chitini, munatuluka timiyala tiwiri, ndi timipira ta buledi tambirimbiri tikugubuduka pansi, nkhuku za sukulu n'kuthamangira. Anachita kuzithamangitsa kuti awerenge. Alhaji anati buledi savota. A Mendy anaswa kamodzikamodzi pamaso pawo, ndipo kalikonse kanali ndi mwala m'kati. Mulu wa Satang unaposa, ngakhale sunapose kwambiri.

Sabata lomwelo Dembo ndi banja lake anasamuka mumpanda muja. Pano akukhala m'kachipinda ka kuseri kwanga, kodontha, ndipo mpunga wathu timakagayitsa kumudzi wina wapansi. Alhaji akakumana ndi mng'ono wawo pakhomo la mzikiti amayang'ana kumbali. Chitseko cha chimbudzi chinaikidwa. Mpanda wa abulu sunayambe.

Nyaling anabwerera m'kalasi ndi yunifolomu yosatsekeka bwino pachifuwa. Satang akakhala kumsonkhano wa komiti, dengu ndimamugulitsira ine, ndipo khanda limakhala ndi agogo ake aamuna pamthunzi wa pageti, kudikira nthawi yopuma kuti liyamwe. Amuna odutsa pangolo amamuseka. "Dembo, wayamba ulezi?" Iye amangosintha mwanayo phewa, n'kumuingitsira ntchentche.