Chaka Chimene Atate Ankagulitsa Mabotolo

Atate anga anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku dera la Mlolo kwa zaka zambiri, mpaka boma linawapumitsa. Ankadziwa munda wa aliyense, pomwe pamadikha madzi ndi pomwe pali mchenga. Ife tikukula, pakhomo pathu sipankatha alendo. Wina ankabwera ndi tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi, wina ndi dothi m'chitini. Atate ankavala magalasi, n'kuyang'ana, n'kufikisa dothilo ndi zala, kenako n'kulankhula, anthu ali phee kumvetsera.

Atapuma, kunabwera mlangizi wina wa njinga yamoto, ndipo anthu anayamba kupita kwa iyeyo, monga zimayenera kukhalira. Amayi anali atatisiya kale. Alongo anga awiri anali kutali, wina ku Lusaka, wina ku migodi. Ine ndinkaphunzitsa masamu pa sukulu ina ku boma la Chadiza, ndipo Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukawaona. Ndinkawapeza ali pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamwendo, ndevu zosameta. Ndikawafunsa za kumudziko, ankangoti, "Kulibe. Kwacha, kwada."

Loweruka lina, dzinja litayandikira, ndinawapeza atameta bwinobwino, atavala shati yoyera imene ankapitira ku tchalitchi. Pakhonde panali katoni.

"Tsika msanga udzaone, mwananga," anatero ndisanaimike n'komwe njinga. "Ndayambanso ntchito."

M'katonimo munali mabotolo obiriwira, a feteleza wamadzi wopopera pa masamba. Anandiuza kuti anawabweretsera ndi bambo wina wa shopu ya zitsulo ku boma. Bamboyo anabwera yekha mpaka kumudzi, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti kampani yake ikufuna anthu ngati iwo, anthu amene akalankhula alimi amamva.

Atate anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pa dothi. Polowa, anatero, umalipira, ndiye amakupatsa katoni yoyamba. Mwezi uliwonse uyenera kugula katoni ina kuti dzina lako lisafe. Ukagulitsa botolo umapezapo kangachepe, koma ndalama zenizeni zili pa miyendo. Anajambula mutu, pansi pake mizere iwiri. Umalowetsa anthu awiri, wina akhale mwendo wakumanja, wina wakumanzere. Awiriwo alowetse awo awiriawiri, enawonso chimodzimodzi. Chilichonse chimene apansi ako agula, iwe umalandirapo mapointi, ndipo mapointiwo amasanduka ndalama zobwera pa foni.

"Nanga yolowera mwaitenga kuti, atate?"

"Penshoni ndi yanga," anayankha, n'kupitiriza kukanda dothi. Patapita kanthawi anati, osandiyang'ana, "Mwendo wakumanzere ulibe munthu."

Ndinalowa mwezi womwewo nditalandira malipiro. Sikuti ndinakhulupirira. Koma chimwalirire amayi ndinali ndisanawaonepo atate akulankhula ndi manja choncho, ndipo sindinafune kuti ine ndikhale wowakhazikanso pansi.

Njinga yawo, imene inali itapachikidwa m'nkhokwe, inatsitsidwa. Anagula matayala atsopano, n'kumangirira thabwa pa kaliyala kuti katoni izikhala bwino. Ankanyamuka m'mawa atamwa tiyi, n'kuzungulira midzi ya kwa Mlolo, nthawi zina mpaka ku Zingalume. Ndikabwera Loweruka, nkhani sizinkatha: uje wabzala soya mochedwa, uje ng'ombe yake yabereka, mwana wa uje wakwatiwa ndi munthu wa ku Mozambiki.

Pa tchuthi ndinawaperekeza tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo ndimalikumbukirabe kuposa masiku ambiri a ubwana wanga. Iwo anali patsogolo, mabotolo akulira gobedegobede, ine pambuyo. Tinkadutsa tinjira ta m'minda, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo. Pamudzi paliponse anthu ankatuluka akufuula kuti, "A mlangizi! Muli moyo kodi?" Ankawapatsa mpando, koma iwo sankakhalitsa. Posakhalitsa anali ali m'munda, atawerama, akutembenuza tsamba, akuuza mwini wake kuti wathinanitsa mapando. Za botolo ankazikumbukira potsanzika. Tsiku lonselo anagulitsa limodzi lokha, chifukwa mtengo wake unali wolemera kwa mlimi amene akudikira kukolola. Koma tinabwerera ndi nkhuku, maungu awiri ndi nzimbe, atate akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi pamene tinkakankha njinga pa chitunda.

Mwezi wotsatira bambo wa shopu uja anati tipite ku msonkhano ku Chipata. Tinakwera minibasi m'mamawa. Holo inali yodzaza, zoimbira zikugunda ngati pa ukwati. Pakhoma ankaonetsa zithunzi za magalimoto ndi nyumba zosanja. Mayi wina wovala bwino kwambiri anaimirira n'kunena kuti anasiya ntchito ya mu ofesi, ndipo tsopano ndalama zimamupeza ali m'tulo. Anthu anaimirira kuomba m'manja. Kenako ndinamva akuitana atate. "Tili ndi mlangizi weniweni wa boma pakati pathu!" Atate anapita kutsogolo akukonza jekete. Anawapachika kabaji pachifuwa, holo yonse n'kuwaombera m'manja. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

Ine ndinkayang'ana anthu amene ndinakhala nawo pafupi: aphunzitsi anzanga, anamwino, amayi a pamsika. Ndinafunsa wakumanja kwanga ngati anapoperapo feteleza ameneyu. Anati alibe munda. Wakumanzere anati amakhala m'nyumba ya lendi. Aliyense m'holo monsemo anali wogulitsa. Wogula sindinamuone.

Pobwerera, minibasi itapitirira mphambano ya ku Katete... ayi, ndisaname, sindikukumbuka kuti tinali pati. Ndikukumbuka fumbi lokha, ndi atate atagwira kabaji kaja kuti kasagwe. Ndinati, "Atate, aliyense akalowetsa awiri, awiriwo n'kulowetsa awo, sipatenga nthawi Chadiza yense akhala atalowa. Ndiye omalizawo adzalowetsa ndani? Ndalama zimene mayi uja amadya si zochokera m'minda ayi. Ndi zathu, ife amene timagula makatoni mwezi ndi mwezi."

Atate anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Iwe umaphunzitsa masamu, ndiye chilichonse umachiona ngati samu."

Makatoni anayamba kuunjikana m'chipinda chimene amayi ankasungiramo mbale za alendo. Anga ndinkawabweretsa komweko, chifukwa ku boma kunalibe woti ndimugulitse. Tsiku lina ndalama zinabweradi pa foni ya atate, ndipo anandionetsa uthengawo monyadira. Zinakwana shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Sizinafike ngakhale pa zimene tinalipira minibasi ya ku Chipata. Bambo wa shopu ankaimba foni kawirikawiri. "A mlangizi, mwendo wanu wakumanja ndi wopuwala. Munthu sayenda ndi mwendo umodzi. Siyani kugulitsa limodzilimodzi, lowetsani alimiwo."

Atate anazengereza milungu ingapo, kenako anapita kwa mnzawo wakalekale, mlimi wa ku Zingalume. Munthu ameneyu ndi amene anali woyamba kuwapatsa malo a munda wachitsanzo atate atangoyamba ntchito, pamene ena onse ankawaseka kuti mwana wa sukulu angaphunzitse ndani kulima. Ankadyera mbale imodzi. Mnzawoyo sanafunse zambiri. Anagulitsa mbuzi ziwiri n'kulowa.

Koma atate, pokhala mlangizi, anali atachita chinthu china osauza munthu. M'munda mwawo anali atakhoma zikhomo: mizere ina ankaipopera, ina ankaisiya. Nthawi yokolola anandiitana kuti ndidzawathandize. Tinakolola mbali iliyonse payokha, n'kutonola, n'kuyeza ndi chitini chimodzi. Ine ndinkathira, iwo ankawerenga. Zitini za mbali ziwirizo zinangotsala pang'ono kufanana. Atate anavula magalasi n'kuwapukuta ndi shati.

"Mwina ndi dothi la pano," anatero. "Mwina mvula ya chaka chino. Chaka chimodzi sichikwana kuweruzira chinthu." Anali munthu wachilungamo, ngakhale kwa botolo.

Tikadali pomwepo pa mphasa, tinamva belu la njinga. Anali mnzawo uja, katoni ili pa kaliyala. Anaimasula n'kuiika pakhonde. Ndinamubweretsera mpando, koma anaukana.

"A mlangizi, mabotolo anu awa. Ndayenda midzi yonse. Kulikonse akundiuza kuti munadutsako kale inu. Ndiye akuti ndigulenso katoni ina, apo ayi dzina langa lifa. Ndigule ndi chiyani?"

"Khalani pansi, achimwene, tikambirane."

"Zaka zonse zija simunandinamizepo. Munkati bzala lero, ndinkabzala. Mbuzi zija ndinagulitsa chifukwa munanena ndinu. Akanakhala wina sindikanamumvera n'komwe."

Atate anadzuka n'kupita ku khola, n'kutulutsa mbuzi ziwiri zazikazi, zidzukulu za mbuzi imene amayi anasiya. Anazimanga chingwe n'kumupatsa. Munthuyo anayang'ana mbuzizo, anayang'ana atate, n'kulandira chingwe. Ananyamuka akukankha njinga ndi dzanja limodzi, mbuzi zikulira pambuyo pake. Sanatsanzike.

Lolemba atate anabwera ku boma, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze ku shopu ya zitsulo nditaweruka. Ndinkaganiza kuti kukakhala mkangano. Atate anangofunsa funso limodzi: "Inuyo, chiyambire, mwapezapo chiyani?" Bambo uja anayamba kunena za mapointi ndi za galimoto imene ili m'njira. Atate anabwereza funsolo. Bamboyo anausa moyo, anatenga kiyi n'kutsegula chitseko cha kuseri kwa shopu. Makatoni anali atafika kudenga.

"Inenso wapamwamba wanga amandiimbira tsiku ndi tsiku," anatero motsitsa mawu. "Amati mwendo wanga ndi wopuwala. Ndinkati mukalowa inu, ndipuma."

Atate anamugwira paphewa, n'kutuluka. Tili panjira, ine ndinalankhula mawu amene ndimalakalaka nditawameza. Ndinati, "Si ndinakuuzani mu minibasi muja?" Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Unandiuzadi." Anakwera njinga, ine n'kuima pamenepo kuwayang'ana mpaka anakhota pa msika.

Sanagulenso katoni, ndipo mayina athu anafa monga anatiuzira. Mabotolo otsala ankapopera nawo ndiwo za m'dimba pang'onopang'ono, ati kutaya ndi tchimo. Koma sanazungulirenso midzi. Ndinkawauza kuti angathe kumangoyendera anthu popanda chogulitsa. Ankati, "Ndikafika ndikanene kuti ndabwera kudzatani? Ali naye mlangizi wawo. Ndiponso akandiona aziganiza kuti ndabweretsa china."

Tsiku lina akundiperekeza ku msewu anandifunsa mwadzidzidzi, "Kodi aja a ku Chipata amakumanabe?" Ndinati sindikudziwa, ngakhale ndinkadziwa kuti amakumana, chifukwa mphunzitsi mnzanga anali atangolowa kumene. Atate anaseka pang'ono. "Zinali zabodza, ndikudziwa. Koma m'mawa ndinkadzuka ndikudziwa kopita."

Dzinja lotsatira miyendo inayamba kuwatupa, ndipo a ku kiliniki anati ndi mtima. Sankathanso kupalasa. Anandipempha kuti tsiku lina ndidzawakweze pa kaliyala tipite ku Zingalume, akamuone mnzawo uja. Anati pali mawu amene sanamuuze tsiku la mbuzi lija. Ndinati tipita ana akamaliza mayeso. Mayeso atatha kunagwa mvula yambiri, mitsinje n'kudzaza. Ndinati tidikire njira ziume. Anamwalira chimanga chikucha, njira zitayamba kumene kuuma.

Mawu amenewo sindinawadziwe, ndipo sindidzawadziwa. Nthawi zina ndikaima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, ndimapezeka ndikuwaganizira, ana n'kumandidikira. Ulendo wake unali wa tsiku limodzi lokha. Ndikanawamangirira pilo pa thabwa lija, tikanaima pomwe atopa.

Pa maliro, mnzawo uja anabwera. Sindinamuone akufika, anandiuza ndi alongo anga kuti kumanda kuli bambo wachikulire wachilendo amene walanda khasu kwa adzukulu okumba manda ndipo akukana kulibweza. Mwambo utatha, anthu akubalalika, anabwera pomwe ndinakhala ndi azimayi a chigwirizano cha ku tchalitchi. Anagwada patali pang'ono, chipewa chili m'manja, matope ali m'mawondo. Ndinkayembekezera kuti anena za atate, ndipo ndinali nditakonzeka kumuuza kuti ankafuna kubwera.

"Mayi," anatero, "ndadutsa m'munda mwawo. Chimanga chakumunsi chija mukolole msanga, chiswe chayamba."

Ndinathokoza. Anavala chipewa, n'kupita kukatenga njinga yake pomwe anaitsamiritsa.