Bolodi Langa Linatsala ku Chanyanya

Ndinanyamuka pakhomo ku Nangongwe sikisi koloko m'mawa, Loweruka, nditasenza bolodi lalitali kuposa ine. Kudzanja kunali kandowa ka phala la chinangwa lomatira, kumsana thumba la fetereza lodzaza mapepala. Atate anali pakhonde, akupukuta nsapato zawo zakuda zimene sanavalepo chiwachotsereni ntchito kufakitale.

"Mande seveni koloko ukhale uli pa geti," anatero osadzutsa mutu. "Afolomani ninakamba nawo kudala. Kusoka masaka si nchito ya manyazi, Tiyamike. Ine yanikulitsila ana anayi."

"Munakamba kuti zikayenda lelo muzanileka."

"Ninakamba. Koma ubwele na chinthu chamene nizaona na maso yanga. Nkhani sinifuna."

Sukulu ndinasiyira giredi teni. Wofuna kudziwa chifukwa akafunse aja anakhoza, iwo ndiwo ali ndi nthawi yofotokoza. Ine chimene ndimadziwa ndi kujambula. Ndimalemba zikwangwani za masaluni ndi za ogulitsa makala, koma mtima wanga uli pena: oimba akamaimba, ine ndimaima pambali ndi bolodi, kupaka penti ndi kumata zidutswa za mapepala motsatira nyimboyo, anthu akuonerera. Ng'oma ikathamanga, dzanja limathamanganso. Nyimbo yomaliza ikatha, chithunzi chatha. Ndinayesapo kutchalitchi kwathu, abusa nkunena kuti ndikubera Mulungu maso a anthu. Koma tsiku limenelo kunali ba Mutinta, mayi amene amatsogolera kagulu ka oimba a banjo ndi ng'oma. Iwo ndiwo anandiitanira ku Chanyanya, kumene ankakaimbira asodzi masana. Anati anthu akakondwa nane, ndiziyenda nawo kulikonse kumene akaimbe. Akapanda kukondwa, Lolemba ndinali wa singano ndi matumba.

Mapepala a m'thumba lija ndinawadula masabata atatu. Makalendala akale, zokutira sopo, makadi a tokotaimu ya foni, ngakhale makope anga a masamu, amene tsopano anali atapeza ntchito. Ndinawasanja mtundu ndi mtundu, ofiira paokha, obiriwira paokha.

Minibasi yoyamba inandipitirira itaona bolodi. Yachiwiri inaima.

"Sisita, ichi chitseko chilipila," anatero kondakita.

"Si chitseko. Ni chithunzi."

Anayang'ana bolodi loyera lopanda kanthu, nkundiyang'ana ine. "Cha chani? Cha mitambo?"

Ine teni kwacha, chitseko faifi kwacha. Sindinatsutse, mawu ndinkawasungira kutsogolo.

Posakwana seveni koloko ndinali pasiteshoni pamene pamaima magalimoto a ku Chanyanya. Panali kalole kamodzi kotsegula kumbuyo, ka mtundu uja timati kanta, dalaivala akulumbira kuti tinyamuka "manje manje", ndiye kuti pompano. Amene simunakwerepo kanta, dziwani kuti manje manje wake ndi maola awiri. Ndinadya vitumbuwa vitatu, ndinawerenga zikwangwani zonse za pamsika, ndinapeza ziwiri zolakwika zimene sindinalembe ine.

Anzanga a paulendo anali azimayi ogula nsomba. Popita amanyamula ayisi, zibuma zikuluzikulu zokwiriridwa ndi utuchi, kuti pobwera nsomba zisavunde. Wamkulu wawo anali amake Joyi, mayi wa mawu omveka kutsidya la njanji. Ndipo apa ndi pamene ndinalakwa. Kwathu ku Kafue chilichonse chimayenda m'thumba la fetereza: makala, ufa, zovala, mbatata, ayisi. Wopakira katundu atatambasula dzanja, ndinamupatsa thumba langa osanena kanthu, nkukakamira bolodi, poganiza kuti chofunika kusamala ndi chimenecho. Fote kwacha, ndinakwera.

Naini koloko tinanyamuka. Tinadutsa m'mbali mwa mafakitale, ndipo geti la Lolemba lija ndinaliona bwino lomwe, anthu ataima pamzere ngakhale linali Loweruka. Ndinatembenuza bolodi kuti linditchinge. Phula litatha, fumbi linayamba. Msewu wa ku Chanyanya uli ndi mabampu amene amakufunsa ngati unadya, ndipo ukayankha amakufunsanso. Uku ndi uku minda yafulati mpaka kumene maso alekera. Njinga zinkabwera kuchokera kumtsinje zitasenza madengu a nsomba, okwerapo ali mbuu ngati agwa m'chigayo.

Mphepo inkafuna kundilanda bolodi. Amake Joyi anagwira mbali imodzi, mnzawo mbali ina, nkuliika pamitu pathu. Chithunzi changa chinayamba ntchito ngati denga.

"Uyenda kukwatiwa ku Chanyanya na chitseko chako?" anafunsa amake Joyi.

"Niyenda kujambula nyimbo."

"Nyimbo ijambulika?"

"Muzaona."

"Ine mwamuna wanga anali kuimba kwambili. Ukamujambula uyo, upente botolo chabe."

Pakati pa njira dalaivala anaima pa kamsika kena kuti amwe chibwantu, chakumwa cha chimanga chija Atonga amachikonda. Nanenso ndinagula kapu imodzi, faifi kwacha, chozizira bwino ndi chokhutitsa. Nditaima pansi ndinaona madzi akudontha kuchokera kumbuyo kwa kanta, dontho ndi dontho pafumbi.

"Amai, ayisi wanu alila," ndinatero ndikuseka.

"Alila masiku yonse. Azaleka."

Ndinaseka ndithu. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimafuna kudzimenya.

Tinafika hafu leveni. Chanyanya umayamba kuimva ndi mphuno, kenako ndi makutu, maso amabwera pomaliza: mabwato ali ndandanda pamatope, bango, maukonde atayanikidwa, azimayi akukangana mitengo ndi asodzi amene sanagone. Anatsitsa ayisi thumba ndi thumba. Langa linatuluka lomaliza. Wopakira uja, atamva kuti ndi lofewa, anali ataliyala pansi kuti zibuma zisasweke m'mabampu.

Nditamasula, ndinapeza phala. Ofiira, obiriwira, masamu, zonse zinali zitagwirizana kukhala mtundu umodzi, mtundu wa matope. Masabata atatu.

"Onani zamene mwachita," ndinauza amake Joyi, ndikuwaonetsa dzanja lodzaza zonyowazo.

Anasuzumira m'thumba. "Mwana wanga, unalembapo dzina pa saka? Masaka yonse ni yamodzi." Anagwira zonyowazo ndi chala. "Yenze ya nchito?"

"Yenze ya moyo wanga."

"Moyo suikidwa mu saka ya fetereza," anatero, nkusenza ayisi wawo.

Ba Mutinta ndinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi doko, anyamata awo akumanga zokuzira mawu kubatire la galimoto. Ndinawauza kuti mapepala afa.

"Penti uli nayo?"

"Tumatini tutatu. Yofiila, ya buluu na yachikasu."

"Ise tinalizapo banjo ya mawaya yawili, anthu anavina. Tiyamba wanu koloko."

Wanu koloko yawo inali wanu koloko yeniyeni, chinthu choyamba kusunga nthawi tsiku limenelo. Ndinatsamiritsa bolodi pamtengo. Nyimbo yoyamba inali yodekha, banjo ikuyenda ngati munthu wopalasa bwato mosafulumira, ndipo ndinakoka mizere ya buluu ya mtsinje kuchokera uku mpaka uko. Anthu anandizungulira. Wina kumbuyo anati, "Apenta chitseko." Yachiwiri inali yothamanga. Apa ndi pamene ndikanamata zofiira zija motsatira ng'oma, koma ndinalibe chomata. Ndinapisa m'thumba la siketi, ndinapeza pepala la mafuta limene anandikulungira vitumbuwa, ndinalimata. Linaoneka ngati pepala la vitumbuwa lomatidwa pabolodi. Anthu anayamba kundipatsa misana, ndipo ba Mutinta, akuimba, anandiponyera diso limodzi. Singano ya Lolemba ndinayamba kuimva m'zala.

Kumeneko woimba akakoma, anthu amamufupa. Munthu amatuluka m'gulu akuvina, nkukaika kangachepe pamphumi pa woimbayo kapena m'thumba la malaya ake, nkubwerera akuvinabe. Pa nyimbo yachitatu azimayi anayamba kutero kwa ba Mutinta. Kenako ndinaona amake Joyi akubwera, chiuno chikugwira ntchito, m'manja muli chidutswa chachitali cha thumba lawo la ayisi. Anawapitirira ba Mutinta. Anafika pa ine, anaviika dzanja lonse m'phala langa la chinangwa, nkumata chithumbacho pakati penipeni pa mtsinje wanga.

"Amai, chosani ichi."

"Nakufupa," anatero osaleka kuvina. "Chofupa sichibwezedwa. Ufuna kunitukwana pa anthu?"

Ndinayang'ana anthu. Onse anali atatembenukanso, akudikira kuona ngati mtsikana wa m'tauni achotsa. Sindinachotse. Ndipo posachotsapo ndinatsegula khomo limene sindinathe kulitsekanso.

Anabwera msodzi wina wachikulire, akuvina ndi mapewa okha, nkumata chidutswa cha ukonde wong'ambika. Wina anabweretsa kachidutswa ka patapata, kamene amamangirira kuukonde kuti uziyandama. Mayi wina anang'amba m'mphepete mwa chitenge chake. Wina anathira mamba a nsomba odzaza manja awiri. Wina anakanikiza chala cha imodzi mwa nkhanu zimene zimawadyera nsomba m'maukonde, akuti nayonso ilowe, izunzike. Aliyense dzanja m'phala langa, aliyense pamalo pamene wafuna, popanda wondifunsa.

Ndinakwiya nyimbo yonse yachinayi. Pa yachisanu ndinaona chinthu chimene chinandikwiyitsa koposa: anthuwo ankamata pa ng'oma. Munthu ankafika, kudikira, ng'oma yaikulu ikagunda dzanja limagundanso pabolodi. Chimene ine ndinachiphunzira ndekha kuchipinda movutikira, iwo ankachichita osaganiza nkomwe. Ndinatola burashi nkuyamba kuwathamangira. Chithumba cha amake Joyi ndinachizunguliza ndi yofiira, chinasanduka bwato. Ukonde unagwera pansi pake wokha. Mamba ndinawakokera ndi buluu, ndipo dzuwa litawamenya madzi anayamba kunyezimira ngati enieni. Pepala la vitumbuwa ndinalipaka yachikasu, linavomera kukhala dzuwa. Msodzi wachikulire uja anaima pambali panga akundilangiza.

"Bwato siikhala so. Kumbuyo ikhala yochepa."

"Bambo, pentani imwe."

"Ine nili na nchito," anatero, koma sanachoke mpaka nditakonza.

Nyimbo yomaliza inatha cha m'ma folo koloko, ine penti mpaka m'zigongono. Ba Mutinta anabwera akupukuta thukuta, anayang'ana bolodi nthawi yaitali.

"Pa Satade tili kutsidya. Ubwele na bolodi na phala chabe. Saka usiye ku nyumba."

Ndinati zikomo, mawu amene sindiwatchula kawirikawiri. Ndiye ndinagwira bolodi kuti ndisenze, ndikaonetse atate. Dzanja la msodzi uja linagwira mbali ina.

"Mupeleka kuti?"

"Ku nyumba. Ni yanga."

"Muli ukonde wanga umo."

"Na chitenge changa," anatero mayi wina.

Ndinawauza kuti bolodi ndinagula ndine, penti ndi yanga, ndipo atate akufuna kuona ndi maso. Anandimvera mwaulemu mpaka nditamaliza, kenako amuna awiri analinyamula nkukalikoleka m'chisakasa chimene amagulitsiramo nsomba. Ndinangolijambula ndi foni yanga yosweka galasi. Amake Joyi anandipatsa nsomba ziwiri zikuluzikulu, atazikulunga m'chotsala cha thumba lomwe lija. Kupepesa sanapepese.

Tinabwerera pa kanta yomweyo, yodzaza nsomba, popanda denga. Ndinafika ku Nangongwe dzuwa likulowa. Atate anali pakhonde pomwe ndinawasiya.

"Bolodi ili kuti?"

"Akana nayo."

"Ndani?"

"Onse. A ku Chanyanya."

Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anaiyandikiza, anaitalikitsa, kenako anakuza chithunzicho ndi zala mpaka bwato linadzaza galasi lonse. Sanayang'ane dzuwa langa kapena madzi anga. Anayang'ana ulusi wa m'mphepete mwa chithumba chija.

"Iyi saka ni yathu," anatero. "Kasokedwe aka nikadziwa." Anavula magalasi. "Masaka yonse yamene ninasoka, kulibe munthu anaikolekapo pa chipupa." Anandibwezera foni nkunyamula nsomba. "Uza amako akazinge zonse ziwili."

 Lolemba m'mawa ndinamva chitseko, ndipo nditasuzumira pawindo ndinawaona akutuluka okha, atavala nsapato zakuda zija, kukauza afolomani kuti malo apatse wina.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, choyamba ndi ichi: thumba lako ulikhalire wekha. Chachiwiri sindikonda kuchivomera. Ndinapita kukaonetsa anthu mmene nyimbo yawo imaonekera, ndipo anandionetsa ndi iwo, ndi manja onunkha nsomba. Chithunzicho chikadali m'chisakasa muja, ntchentche zikuchikonda kwambiri. Chala cha nkhanu chija anachimata pamalo olakwika, ndipo ndikadzapitanso ndikachisuntha, wina aliyense asakuona.