Chikwangwani Pageti la Ababa

Anthu amangomutchula kuti Makiyi, ndipo iye amavomera. Dzinali analitola ku kampani yogulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba, kumene unyamata wake wonse unathera. Ntchito yake inali kulawirira ndi mulu wa makiyi m'thumba, kukatsegula nyumba zopanda anthu bwana asanafike ndi makasitomala. Ankatsegula mazenera kuti fungo la chinyontho lituluke, ankasesa mphemvu zakufa, ankayesa mipopi. Galimoto ya bwana ikalowa, iye ankaima pambali ngati mlonda.

Imvi zitayamba kumera, mtima unamuuza kuti wakwana kuima payekha. Anapeza kachipinda pamwamba pa sitolo ya zitsulo, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Anaikamo tebulo, mipando iwiri yapulasitiki ndi fani yolira ngati ili ndi mlandu. Pakhoma anakhomapo thabwa la misomali yokolekapo makiyi. Miyezi inadutsa, misomali ili mbee. Mwini nyumba aliyense ankafunsa funso limodzi: "Panopa mukugulitsa ziti, achimwene?" Akamva kuti palibe, makiyi ake ankawabwezera m'thumba.

Nzeru inachokera kwa wolemba zikwangwani wa kuseri kwa sitolo, munthu wa penti mpaka m'ndevu.

"Akulu, mbedza yopanda nyambo imangonyowa. Khomani chimodzi pageti la kwanu. Paja mpamsewu? Akaimba foni, muziti imeneyo yapita kale koma ndili ndi ina."

"Nyumbayo si yanga, ndi ya mdala."

"Nanga ndati mugulitse? Thabwa ndi penti basi. Kapena geti lanu limadziwa kuwerenga?"

Nyumbayo anaimanga ndi manja awo bambo ake a Makiyi, mmisiri womanga amene msana unamupumitsa ntchito. Chimwalirireni mayi ake, Makiyi ndi mkazi wake ankakhala momwemo kuti aziwasamalira. Asanakhome chikwangwani, anakhala pansi n'kuwafotokozera mokweza, poti makutu anali atayamba kuvuta.

"Ababa, ndi nyambo chabe. Palibe akugulitsa nyumba yanu."

Mdalayo anayang'ana zilembo zofiira zija, IKUGULITSIDWA, ndi nambala ya foni ya mwana wawo pansi pake.

"Ndamva," anatero. "Kungoti pa ntchito yathu sitinkakumba maziko a nyumba imene sitimanga."

Mkazi wa Makiyi anakokera mwamuna wake kukhitchini. "Inu abambo, munthu wamkulu sasewera naye pa nkhani ya pogona."

"Mwezi umodzi wokha, mayi. Ndichotsa ndekha."

Nyambo inagwira. Foni inayamba kulira. Mayi wina wa nyumba zalendi, ataona kuti ejentiyu ali ndi nyumba ya pamsewu, anamupatsa makiyi ake. Kenako kunabwera mphunzitsi wosamutsidwa. Misomali inayamba kuvala, ndipo Makiyi anagula jekete. Mwezi unatha, wina unatha. Akafika pageti madzulo ankati mawa ndichotsa, koma anthu ambiri oimba ankayamba ndi mawu omwewo: "Ndaona chikwangwani chanu pamsewu paja."

Kunyumba, mdala uja anali atatulutsa zida zake zakale. Anamata mng'alu wa pakhonde. Anathira mafuta m'mahinjesi. Makiyi anasangalala, ati ababa apeza chochita.

"Simukuona inu," anatero mkazi wake. "Anthu akasuzumira pageti, apongozi akumavala jekete n'kuwalowetsa. Dzulo amauza mayi wina kuti chitseko cha kubafa chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka."

"Ndiye ndiwalembe ntchito, akundiposa!" Makiyi anaseka.

"Sekani. Kunsi kwa bedi lawo kwadzaza makatoni omanga ndi chingwe."

Anapitadi kukawauzanso kuti nyumba sikugulitsidwa. Iwo anagwedeza mutu. "Ndamva, mwanawe. Pita kuntchito, uchedwa."

Pabalaza, pafupi ndi zenera, panali banga lakuda lozungulira ngati mbale. Pamenepo mpamene mayi ake a Makiyi ankatsamiritsa mutu kwa zaka zonse zija akamamvera wailesi, mpaka mafuta a m'tsitsi analowerera m'khoma. Nyumbayo inapentedwapo chimwalirireni iwo, koma burashi inkazungulira bangalo, mdala sankalola. M'mawa uliwonse ankakokera mpando pafupi nalo n'kumwa tiyi, nthawi zina akulankhula motsitsa.

Tsiku limene Makiyi anagulitsa nyumba yake yoyamba, ya mphunzitsi uja, anaweruka dzuwa likadali pamutu kuti akawauze. Fungo la penti linamuchingamira pakhonde. Pabalaza mipando inali itaunjikidwa pakati, ndipo bambo ake anaima atagwira burashi, malaya ali madonthomadontho. Khoma lonse linali loyera mbuu, kuyambira kuzenera mpaka kuchitseko.

"Ababa! Pa amayi paja?"

"Wogula sangamvetse. Aziti ndi litsiro, akutsitse mtengo." Anapukuta burashi m'mphepete mwa chitini. "Usadandaule. Amako ndawauza kale."

Makiyi anatuluka, nagwira chikwangwani ndi manja awiri, nachikoka mpaka waya anamucheka chikhatho. Anachiponya mu ngalande. Potembenuka anapeza mdala ali pakhonde, akuyang'ana geti lopanda kanthu.

"Wachotsa? Ndiye kuti yagulidwa."

"Ayi, Ababa! Sinagulidwe, sidzagulidwa. Linali bodza langa la ntchito."

"Usachite manyazi, ntchito ndi ntchito. Ndi anthu abwino? Ali ndi ana?" Anatsika sitepe imodzi atagwira chipilala. "Uwauze asadzakhome misomali khoma la kuchipinda, muli paipi ya madzi. Atipatsa mpaka liti?"

Lero ofesi ya Makiyi yakula. Anatenganso chipinda cha telala, ndipo pathabwa paja palibe msomali wopanda kiyi. Amadziwika kuti ndi ejenti wosanama. Wolemba zikwangwani akamukuwira kuti, "Akulu, nyambo ija!" iye amangokweza dzanja n'kupitirira.

Makatoni aja anawamasula kangapo, zovala n'kuzibwezera m'kabati. Kukacha amawapeza atamangidwanso. Mdala samweranso tiyi pabalaza. Amavala jekete, n'kukhala pakhonde moyang'ana kumsewu, ndipo mkazi wa Makiyi akamadutsa ndi tsache, mdalayo amamufunsa mwaulemu, "Apongozi, lole yodzatisamutsa ija ndi lero?"

Lamlungu lina, pabalaza popanda munthu, Makiyi anagwada pafupi ndi zenera, natenga kiyi n'kuyamba kupala penti pang'onopang'ono, poganiza kuti bangalo likaoneka mwina ababa akhulupirira. Penti inagwa, pansi pake panatuluka pulasitala woyera, watsopano. Anapala pena, chimodzimodzi. Anali ataiwala zimene bambo ake anamuphunzitsa ali mwana: mmisiri weniweni sapaka penti pamwamba pa mafuta, amayamba wagoba.